Mchira wa dzina la fayilo: zilembo zomwe kompyuta imakubisirani

Tsegulani foda iliyonse pa kompyuta ya kusukulu kwanu, muone maina a mafayilo. Mupeza maina ngati Physics notes, Timetable, Chithunzi. Ambiri amaganiza kuti dzina lathera pomwepo, chikhalirecho lili ndi mbali ina yomwe sikuoneka. Maina athunthu ndi Physics notes.docx, Timetable.pdf, Chithunzi.jpg. Kadontho kaja pamodzi ndi zilembo zitatu kapena zinayi zotsatira, Windows imazibisa pokhapokha mutaiuza kuti izionetse. Pa Chingerezi kachidutswa kameneka amati file extension. M'kalasi mwanga timangoti mchira, ndipo mawu omwewo ndigwiritsa ntchito pano.

Mwina mukuti, zilembo zitatu zokhazo zili ndi vuto lanji? Taganizani za ulendo wa fulashi imodzi kuno ku Karonga. M'mawa ili mu labu ya kusukulu, masana ili pa steshonale pa boma kukapulintitsa manotsi, madzulo ili mu laputopu ya achimwene kukopera nyimbo, mawa lake yabwerekedwa ndi mnzanu wa ku Chilumba. Paulendo ngati umenewu ndi pomwe ntchito ya teremu yonse imasowa, mafoda amasanduka zinthu zosatseguka, ndipo chikalata chomwe dzulo chimatseguka bwinobwino lero chikuonetsa zilembo zosamveka. Mavuto ambiri mwa amenewa munthu amawaoneratu asanamugwere ngati akuona mchira wa fayilo. Ndiye tiyeni tione kuti mchirawu ndi chiyani, umagwira ntchito bwanji, ndipo mungaubweretse poyera motani.

Mkati mwa fayilo muli manambala okhaokha

Tiyambire ku Physics, poti nkomwe ine ndimadyera. Mkati mwa fulashi muli timatransista mabiliyoni. Kalikonse kali ndi kamalo kozunguliridwa ndi insulator, komwe ma electron amatha kutsekeredwa. Akalowamo satulukanso msanga, ngakhale magetsi atazima, nchifukwa chake fulashi imasunga zinthu ili m'thumba mwanu. Powerenga, kompyuta imaika voltage pa transista ija nkuona ngati current yadutsa kapena ayi. Yankho limodzi timalitcha 1, linalo 0. Njira yosungira imeneyi inapangidwa ndi Fujio Masuoka ku kampani ya Toshiba, ku Japan, m'zaka za m'ma 1980.

Ka 1 kapena ka 0 kamodzi ndi bit. Ma bit 8 ndi byte imodzi, ndipo byte imodzi ikhoza kusunga nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 255. Fulashi ya 8 GB imasunga ma bit pafupifupi 64 biliyoni. Chithunzi chanu cha pa nyanja, nyimbo, kalata, vidiyo, ngakhalenso vayirasi, zonsezi zikafika m'menemo zimangokhala mzere wautali wa manambala.

Tsopano tamvani izi. Wophunzira akandilembera yankho loti 65 basi, ndimamufunsa kuti 65 chiyani? Mamita? Ma newton? Ma volt? Nambala yopanda unit ilibe tanthauzo, ndipo malikisi ndimadula. Kompyutanso ili pa vuto lomwelo. Byte yolembedwa 01000001 ndi nambala 65. M'chikalata cha mawu, 65 ndi chilembo chachikulu A. M'chithunzi, 65 akhoza kukhala kuwala kwa kadontho kamodzi. M'nyimbo, akhoza kukhala kachidutswa ka funde la mawu. Mu pulogalamu, akhoza kukhala lamulo loti purosesa ichite chinachake. Pamafunika china chouza kompyuta kuti manambalawa iwawerenge motani. Pa Windows, ntchito imeneyo ndi ya mchira. Mchira ndiye unit ya fayilo.

Michira yomwe muyenera kuidziwa

Michira ilipo yambirimbiri, koma ya tsiku ndi tsiku ndi yochepa. Ndimaigawa pawiri.

Gulu loyamba ndi la mafayilo owerengedwa, oonedwa kapena omvedwa. Mawu opanda zokongoletsa ndi .txt. Zikalata za Word ndi .docx, kapena .doc ngati ndi zakale. Za Excel ndi .xlsx, za PowerPoint ndi .pptx, ndipo zokonzekera kupulinta nthawi zambiri ndi .pdf. Zithunzi ndi .jpg ndi .png, nyimbo ndi .mp3, vidiyo ndi .mp4. Mafayilo omangidwa pamodzi ndi .zip kapena .rar.

Gulu lachiwiri ndi la mafayilo omwe ndi malamulo. Amenewa ukawadina kawiri, kompyuta simakuonetsa chinthu ayi, imachita zomwe zalembedwamo. Wodziwika kwambiri ndi .exe, koma palinso .bat, .cmd, .scr, .msi, .vbs ndi .js. Si oipa onse. Word yomwe mumalembera ija ndi fayilo ya .exe. Koma pulogalamu ikayamba kugwira ntchito imakhala ndi mphamvu zomwe inu muli nazo pa kompyutapo: kufufuta, kukopera, kubisa, kutumiza. Choncho kusiyanitsa magulu awiriwa ndi luso loyamba la munthu wogwiritsa ntchito kompyuta mosamala.

Pakati pa magulu awiriwa pali .docm ndi .xlsm. Ka m kakumapetoko kakutanthauza kuti chikalatacho chikhoza kukhala ndi timapulogalamu totchedwa macro. Chikalata chotere chikachokera kwa munthu wosamudziwa nkukupemphani kuti mudine Enable Content, chisiyeni.

Nanga bwanji michira yambiri ili ndi zilembo zitatu? Ndi mbiri chabe. MS-DOS, yomwe inatuluka m'chaka cha 1981, inkalola dzina la zilembo zosaposa 8 ndi mchira wa zilembo zosaposa 3. Dongosololi inalitengera ku CP/M ya Gary Kildall ya m'zaka za m'ma 1970. Nchifukwa chake mtundu wa zithunzi wotchedwa JPEG unafupikitsidwa nkukhala .jpg, ndipo mpaka lero .jpg ndi .jpeg ndi chinthu chimodzi. Windows 95 itabwera, maina anayamba kutalika mpaka zilembo 255, ndipo michira ya zilembo zinayi ngati .docx inakhala yotheka.

Lamulo limodzi loti muligwire: dzina likhoza kukhala ndi madontho angapo, koma Windows imangowerengera zomwe zili kutsogolo kwa dontho lomaliza. Fayilo yotchedwa Zotsatira.pdf.exe si PDF. Ndi pulogalamu yomwe dzina lake ndi Zotsatira.pdf.

Kompyuta imadziwa bwanji pulogalamu yotsegulira?

Mukadina kawiri pa fayilo, zinthu zitatu zimachitika mofulumira. Windows imawerenga mchira. Kenako imapita m'kaundula wake wamkulu wotchedwa Registry, momwe munalembedwa kuti mchira wakuti umatsegulidwa ndi pulogalamu yakuti. Pomaliza imadzutsa pulogalamu ija nkuipatsa fayiloyo. Ubale umenewu wa mchira ndi pulogalamu pa Chingerezi amati file association.

Kuchokera pamenepa timvetsa zinthu ziwiri zomwe zimasokoneza anthu. Choyamba, kaundulayu amakhala m'kompyuta, sayenda ndi fulashi. Nchifukwa chake PDF yomweyo kusukulu imatseguka ndi Adobe Reader, pa steshonale ndi Microsoft Edge, kunyumba ndi Chrome. Fayilo sinasinthe, asintha ndi makaundula.

Chachiwiri, kachithunzi kakang'ono komwe kamakhala pambali pa dzina, ka W wa buluu kapena ka PDF kofiira, sikachokera mkati mwa chikalatacho. Windows imakatenga m'kaundula momwemo. Koma fayilo ya .exe imanyamula kachithunzi kakekake, ndipo woipanga amasankha kalikonse komwe wafuna: ka foda yachikasu, ka Word, ka PDF. Mwaona pomwe pali msampha? Ngati mchira wabisika ndipo kachithunzi nkonama, mwatsala opanda chokuchenjezani. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kalata yachikondi ya m'chaka cha 2000

Microsoft inayamba kubisa michira pa Windows 95. Cholinga sichinali choipa: maina azioneka oyera, ndiponso munthu asafufute mchira mwangozi posintha dzina. Koma mtengo wake unaoneka patangopita zaka zisanu.

Pa 4 Meyi 2000, anthu m'maofesi padziko lonse anayamba kulandira imelo ya mutu woti ILOVEYOU, yochokera kwa munthu womudziwa. Inali ndi fayilo yotchedwa LOVE-LETTER-FOR-YOU.TXT.vbs. Popeza Windows imabisa mchira womaliza, pomwe dzinalo linaoneka lodulidwa linkathera pa .TXT, ngati kalata wamba ya mawu. Anthu anadina. Koma .vbs ndi malamulo. Pulogalamuyo inkalemba pamwamba pa zithunzi za .jpg nkuziwononga, inkabisa nyimbo za .mp3, kenako inkadzitumiza yokha kwa aliyense wa m'buku la maadiresi la Microsoft Outlook. M'masiku ochepa inalowa m'makompyuta mamiliyoni ambiri, mpaka Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inatseka imelo yake kwa kanthawi.

Inachokera ku Manila, m'dziko la Philippines, ndipo woilemba anali wophunzira za makompyuta dzina lake Onel de Guzman. Sanamangidwe chifukwa panthawiyo dziko lake linalibe lamulo loletsa zimenezi. Lamulo linakhazikitsidwa mu Juni chaka chomwecho. Kuno kwathu lamulo lilipo: Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imaletsa kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo komanso kufalitsa mavayirasi mwadala. Ndikunena izi chifukwa ena mwa inu mukawerenga nkhaniyi mufuna kuseweretsa mnzanu ndi mchira wonama. Musayerekeze.

Chodabwitsa nchoti patapita zaka zoposa 20, Windows 10 ndi Windows 11 zimabwerabe zitabisa michira. Kuionetsa ndi ntchito yanu.

Momwe mungaonetsere michira

Ndi ntchito ya mphindi imodzi, ndipo siwononga kanthu. Ngati ndi kompyuta ya mu labu, pemphani kaye kwa aphunzitsi. Yambani ndi kutsegula File Explorer pogwira batani la Windows pamodzi ndi E.

Pa Windows 11, dinani View pamwamba, mupite pa Show, kenako muchonge File name extensions.

Pa Windows 10 ndi Windows 8, dinani View pamwamba, muchonge kabokosi kolembedwa File name extensions.

Pa Windows 7, yomwe ikadali m'makompyuta akale, dinani Organize, kenako Folder and search options, kenako View. Pamndandandawo fufuzani mzere woti Hide extensions for known file types, muchotse kachongi, mudine OK.

Mukatero maina onse atalika nthawi yomweyo. Zimenezi zimasungidwa pa akaunti yomwe mwalowera, ndiye ngati kompyuta ili ndi maakaunti angapo, iliyonse ikufunika kuikonza payokha. Pa kompyuta ya eni ake, monga ya pa steshonale, pomwe simungasinthe zinthu, pali njira ina. Dinani fayiloyo ndi batani la kumanja la mausi, musankhe Properties, muwerenge mzere woti Type of file. Ukanena kuti Application pomwe inu mumayembekezera chikalata, imani pomwepo. Ndimalimbikitsanso kuika foda pa View kenako Details, kuti muzitha kuona mtundu ndi kukula kwa fayilo iliyonse pamzere umodzi.

Kusintha dzina sikusintha fayilo

Michira ikaoneka, chiyeso chimabwera. Aphunzitsi akuti bweretsani ntchito yanu ili PDF, ndiye wina amangofufuta .docx nkulemba .pdf. Windows imachenjeza kuti fayilo ikhoza kusiya kugwira ntchito, iye nkudina Yes. Kachithunzi kasintha, wasangalala. Koma pa steshonale fayilo ija ikukana kutseguka.

Amene munalowapo mu Cultural and Museum Centre pa boma mukudziwa chifanizo cha mafupa a dinosaur chomwe chaima m'katimo. Mafupa a nyamayi, ochokera m'boma lathu lomwe lino, anafotokozedwa koyamba ndi Sidney Haughton m'chaka cha 1928, ndipo anaipatsa dzina loti Gigantosaurus dixeyi. M'chaka cha 1993, Louis Jacobs ndi anzake, kuphatikizapo Mmalawi Elizabeth Gomani, atapenda mafupa ena ochuluka, anaitcha Malawisaurus dixeyi. Dzina linasintha, koma palibe fupa ndi limodzi lomwe lomwe linasintha chifukwa cha dzinalo. Ndipo taonani dongosolo lake: akatswiriwo anayamba ayang'ana mafupa, dzina linatsatira. Wosintha .docx kukhala .pdf wachita mobwerera. Wasintha chikwangwani, manambala a mkati ali momwemo, ndipo pulogalamu yowerenga PDF ikuwalandira osawamva.

Kuti fayilo isinthedi mtundu, pamafunika pulogalamu yomwe ikumva mitundu yonse iwiri, iwerenge manambala akale nkulemba atsopano. Mu Word, pitani pa File, kenako Save As, musankhe PDF pa mzere wa Save as type. Chithunzi cha .png mukhoza kuchitsegula mu Paint nkuchisunga ngati JPEG. Ndipo ngati mwasintha mchira mwangozi, musade nkhawa, palibe chawonongeka. Bwezerani mchira wakale, fayilo itseguka.

Kuyesa kuwiri koti muchite nokha

Wogula mpunga wodziwa zinthu ku Kaporo kapena ku Hara sakhulupirira zolembedwa pa thumba. Amapisa dzanja, nkununkhiza, ndipo Kilombero weniweni amadziwika ndi fungo lake. Mafayilonso ali ndi chowazindikiritsa cha mkati. Mitundu yambiri imayamba ndi ma byte angapo osasintha, omwe amatchedwa magic number. Mukhoza kuwaona nokha.

Kuyesa koyamba. Koperani fayilo ya PDF kuti mugwiritse ntchito kope, osati yeniyeni. Tsegulani Notepad, kenako mukokere kope lija m'kati mwake ndi mausi. Muona zilembo zosokonekera zambiri, koma pamwamba penipeni pali %PDF ndi nambala ngati 1.5 kapena 1.7. Chitani chimodzimodzi ndi chithunzi cha .png, mupeza zilembo PNG koyambirira. Fayilo ya .zip imayamba ndi PK, zilembo zoyamba za dzina la Phil Katz yemwe anapanga mtundu umenewu. Fayilo ya .exe imayamba ndi MZ, kuchokera ku dzina la Mark Zbikowski, mmodzi mwa omwe analemba MS-DOS. Kukokera fayilo mu Notepad sikuidzutsa, kumangoonetsa za mkati. Mukamaliza tsekani osasunga, chifukwa Notepad ikasunga fayilo yotere imaiwononga.

Kuyesa kwachiwiri. Tengani kope la chikalata cha Word chomwe chili ndi chithunzi m'kati. Mukachikokera mu Notepad muona kuti chikuyamba ndi PK. Bwanji PK, poti si zip? Zoona zake nzoti ndi zip. Kuyambira pa Office 2007, fayilo ya .docx ndi mtolo wa timafayilo tomangidwa pamodzi. Sinthani mchira wa kopelo ukhale .zip, mudine kawiri. Mupeza foda yotchedwa word. M'menemo muli document.xml, momwe muli mawu anu onse, ndi foda ya media, momwe muli zithunzi zija chilichonse pachokha. Apa kusintha mchira kwagwira ntchito chifukwa chimodzi chokha: mchira watsopanowo ukunena zoona za zomwe zili mkati.

Makompyuta a Linux amadalira kwambiri njira yonunkhizayi. Ali ndi lamulo lotchedwa file lomwe limayang'ana ma byte oyamba nkukuuzani mtundu, mchira ukhalepo kapena usakhalepo.

Fayilo ikamatseguka ndi pulogalamu yolakwika

Nthawi zina mchira uli bwino, fayilo ili bwino, koma kaundula ndiye wasokonekera. Wina anaika pulogalamu yatsopano ya vidiyo ndipo yalanda nyimbo zonse. Kapena wina anatsegula PDF ndi Notepad atachonga kuti izitero nthawi zonse, ndiye PDF iliyonse pa kompyutapo ikuonetsa zilembo zosamveka. Anthu amathamangira kunena kuti ndi vayirasi, ena mpaka kufufuta manotsi abwinobwino. Chizindikiro chake nchosavuta: ngati mafayilo onse a mchira umodzi asintha kachithunzi nthawi imodzi, koma pa kompyuta ina akutseguka bwino, vuto lili m'kaundula.

Kukonza kwake nkotere. Dinani fayilo imodzi ya mtundu umenewo ndi batani la kumanja, musankhe Open with, kenako Choose another app. Sankhani pulogalamu yoyenera. Pa Windows 10 chongani kabokosi koyamba ndi mawu oti Always use this app, pa Windows 11 dinani Always. Mukafuna kutsegula ndi pulogalamu ina kamodzi kokha, kabokosiko kasiyeni, kapena dinani Just once.

Mukafuna kuona mndandanda wonse, pitani ku Settings, kenako Apps, kenako Default apps. Pa Windows 10 pali mzere woti Choose default apps by file type. Pa Windows 11 mumangolemba mchirawo, monga .pdf, m'kabokosi ka pamwamba. Pamalo omwewo pali batani la Reset lobwezera zonse momwe Microsoft inaziikira, koma dziwani kuti limafufutanso zosankha zabwino zomwe ena anaika.

Windows ikakufunsani kuti fayilo iyi itsegulidwe ndi chiyani, ndiye kuti mchira wake mulibe m'kaundula. Musangosankha pulogalamu iliyonse nkuchonga Always. Fufuzani kaye kuti mchirawo ndi wa chiyani, chifukwa mwina pulogalamu yake sinaikidwe pa kompyutapo. Ndipo Registry yeniyeniyo musaigwire pamanja. Kulakwitsa pamzere wa .exe kukhoza kuchititsa kuti mapulogalamu onse akane kudzuka. Imeneyo ndi ntchito ya aphunzitsi a Computer Studies kapena katswiri.

Fulashi yodzaza ndi ma shortcut

Pali mchira wina womwe suoneka ngakhale mutachita zonse ndafotokozazi. Ndi .lnk, wa shortcut, kafayilo kongolozera ku fayilo ina. Windows imaubisa nthawi zonse. Opanga mavayirasi a pa fulashi amadziwa zimenezi, ndipo vuto lomwe ophunzira amandibweretsera kawirikawiri ndi limeneli.

Limayenda chonchi. Mwalowetsa fulashi m'kompyuta yodwala. Vayirasi ikubisa mafoda anu enieni, ikudzikopera pa fulashipo, kenako ikupanga ma shortcut a maina omwewo ndi kachithunzi ka foda. Mukafika pa kompyuta ina nkudina Form 4 notes, shortcut ija imayamba yadzutsa vayirasi, kenako nkukutsegulirani foda yanu kuti musakayike kanthu. Kompyuta yachiwiri yadwala, ndipo fulashi iliyonse yolowamo itenga matendawo.

Muizindikira ndi zinthu zitatu. Pakona pa kachithunzi pali kamuvi kakang'ono. Pa Details, mtundu wake walembedwa Shortcut m'malo mwa File folder. Ndipo ili ndi kukula kwa 1 KB kapena 2 KB, pomwe foda yeniyeni sionetsa kukula pamzerewo. Mtundu wina wa vayirasi umagwiritsa ntchito .exe yovala kachithunzi ka foda, koma umenewo mukaonetsa michira umagwidwa msanga: foda yotchedwa Form 4 notes.exe kulibe.

Nkhani yabwino ndi yoti nthawi zambiri mafayilo anu sanafufutidwe, angobisidwa. Musathamangire kufomata. Onani pa Properties ya fulashiyo: ngati malo ogwiritsidwa ntchito akadali ochuluka ngati kale, katundu wanu alimo. Pitani nayo pa kompyuta yomwe ili ndi antivirus yatsopano, musadine shortcut iliyonse, muyambe mwaisikana. Kenako tsegulani Command Prompt mulembe mzere uwu, koma m'malo mwa E muike chilembo cha fulashi yanu:

attrib -h -s -r /s /d E:\*.*

Lamuloli likuchotsa zizindikiro zitatu zomwe vayirasi inaika pa mafayilo: h wa kubisa, s wonamizira kuti ndi fayilo ya Windows, ndi r woletsa kusintha. Ka /s ndi ka /d akuti lichite zimenezi m'mafoda onse. Samalani chilembocho, musalembe C. Mafoda anu akaonekera, fufutani ma shortcut aja pamodzi ndi fayilo iliyonse ya .vbs, .js kapena .exe yomwe simunaikemo ndinu, kenako koperani ntchito yanu pamalo ena. Kumbukirani kuti kompyuta yomwe inapatsira fulashiyo ikadali yodwala. Auzeni eni ake mwaulemu, apo ayi mawa mubwerako ndi zomwezo.

Pa foni nkhani ndi yomweyo

Ambiri mwa inu mumagwira foni kuposa kompyuta. Pa Android, mchira wa pulogalamu ndi .apk, ndipo ndi mnzake wa .exe. Mayeso a MSCE akayandikira, m'magulu a WhatsApp mumayenda mafayilo ambiri. Tiyerekeze kuti wina watumiza yotchedwa Physics Paper 1.pdf.apk nkumati ndi likasa. Likasa palokha ndi mlandu womwe ungakulepheretseni mayeso onse, koma apa palinso china. Werengani kuchokera pa dontho lomaliza: si pepala, ndi pulogalamu. Pulogalamu yotere ikaloledwa kuwerenga mauthenga ndi kuona zomwe zikulembedwa pa sikirini, ikhoza kuba manambala achinsinsi. Ndipo foni yomwe mwabwereka kuti muwerengere nthawi zambiri ndi ya amayi kapena abambo, momwe muli Airtel Money kapena Mpamba, mwinanso fizi yanu ya teremu ikubwerayi.

Chikalata chenicheni sichipempha kuti chiikidwe pa foni. Mukadina chinthu chomwe mumayesa PDF, chithunzi kapena nyimbo, foni nkukufunsani za Install kapena chilolezo choika pulogalamu yochokera kosadziwika, dinani Cancel, mufufute fayiloyo, muchenjezenso anzanu pagulupo. Maina aatali amadulidwa pa sikirini yaing'ono, ndiye ngati mchira sukuoneka, pitani mu pulogalamu ya Files muone dzina lonse.

Ntchito ya sabata ino

Sayansi imaphunziridwa ndi manja. Mukapeza mpata mu labu, onetsani michira, kenako mulembe m'kope mwanu michira khumi yosiyana yomwe mwaipeza. Pambali pa uliwonse lembani gulu lake, wowerengedwa kapena wa malamulo, ndi pulogalamu yomwe ikuutsegula pa kompyuta imeneyo. Chitani kuyesa kuwiri kuja pa makope. Pomaliza yankhani funso ili: mwapatsidwa fayilo yotchedwa Chithunzi, yopanda mchira uliwonse, ndipo mutaikokera mu Notepad mwaona kuti ikuyamba ndi MZ. Kodi ndi chiyani, ndipo muchita nayo chiyani? Kambiranani ndi mnzanu wokhala naye desiki limodzi, ndipo aliyense afotokoze chifukwa cha yankho lake.